Dzanja la Mwini pa Buku la Kaphikidwe: Kuwerenga Siginecha Tisanatulutse Ndalama

1.0 Mau Oyamba

Ogulitsa mabuku akale ku London ndi ku New York ali ndi kalembedwe kaokao. Akafuna kugulitsa buku amalemba ndime yaifupi yofotokoza dzina la bukulo, caka, wosindikiza, maonekedwe a cikuto ndi zilema zimene liri nazo, kenaka pansi pake amaika mtengo. Pepala lino liri kutenga ndime yotereyi ngati zolembedwa zoyenera kusanthulidwa monga momwe timasanthulira ndakatulo kapena kalata ya boma. Makamaka tiri kuyang'ana liu limodzi limene limakweza mtengo kuposa ena onse, liu la Cingelezi lakuti "signed", kutanthauza kuti mlembi anasainapo dzina lake.

Tasankha mabuku a kaphikidwe cifukwa ndiwo amene amaonetsa vutoli poyera. Buku la ndakatulo limakhala pa shelefu, koma la kaphikidwe limakhala pafupi ndi moto, limathimbirira ndi mafuta, masamba ake amathothoka, ndipo likatha limatayidwa. Cotero kope lakale losungika bwino limasowa, ndipo likapezeka liri ndi dzina la mlembi lolembedwa pamanja, wogula amafulumira kukhulupirira. Woyang'anira laibulale ya yunivesite, amene ndalama zakunja amazipeza movutikira, ndipo mwina adzagula buku lotere limodzi lokha pa zaka zingapo, sangakwanitse kufulumira motero. Mfundo yathu ndi yakuti siginecha payokha sinena mtengo wa buku. Cimene cimanena mtengo ndi nchito imene siginechayo inali kugwira pa tsiku limene inalembedwa, ndipo nchito imeneyi imadziwika pokhapokha munthu atawerenga mbiri ya bukulo.

2.0 Siginecha Ngati Loko: Elizabeth Raffald

Elizabeth Raffald anabadwira ku Doncaster mu 1733, ndipo anagwira nchito yoyang'anira nyumba ya banja la Warburton ku Arley Hall m'cigawo ca Cheshire. Atakwatiwa anasamukira ku Manchester kumene anatsegula sitolo ya zakudya. Mu 1769 anatulutsa buku lochedwa The Experienced English Housekeeper, lokhala ndi njira zophikira pafupifupi 800, losindikizidwa ndi J. Harrop mumzinda womwewo. Anthu oposa 800 analembetseratu maina ao kuti adzagula. Olembetsa analipira mashilingi asanu, ena onse asanu ndi limodzi.

Masiku amenewo buku likayenda malonda, osindikiza ena ankalisanjanso mobisa ndi kuligulitsa popanda kupereka kanthu kwa mlembi. Raffald anadziteteza m'njira imene mai aliyense wamalonda angaimvetse: anacenjeza ogula m'buku momwemo kuti kope lopanda dzina lake lolembedwa pamanja si lenileni, ndipo anakhala pansi kusaina makope ake pa tsamba loyamba la nkhani. Akubawo sanaleke, pakuti kusindikiza kwakuba kwa bukuli kumene akatswiri anawerenga kunapitirira 20, koma mcitidwe wakewo unatisiyira phunziro lofunika.

Wogulitsa akalemba kuti kope la 1769 liri "signed by the author", sakunama, koma sakunenanso cinthu cacilendo. Siginecha imeneyo inali loko wa pa citseko, osati mphatso ya kwa bwenzi. Kope lirilonse lenileni la nthawi imeneyo liyenera kukhala nayo. Motero siginecha siwonjezera mtengo pamwamba pa mtengo wa kope loyamba. Kusowa kwake ndiko kumatsitsa mtengo, pakuti kumadzutsa funso lakuti kodi tsamba loyamba linathothoka ndi kulowezedwa lina, kapena kodi bukulo ndi limodzi la akuba aja. Wogula amene alipira kawiri, koyamba cifukwa ca kope loyamba, kaciwiri cifukwa ca siginecha, walipira cinthu cimodzi kawiri.

Caka ca imfa ya mlembi ndico cipangizo cochipa kwambiri cimene wogula ali naco. Raffald anamwalira mu April 1781, koma buku lake linapitiriza kusindikizidwa kufikira m'zaka za m'ma 1800. Dzina lake likaoneka ngati lolembedwa pamanja m'kope la 1786 kapena la 1794, silingakhale dzanja lake. Ndi cidindo, kapena ndi cinyengo. Mcitidwe wodinda siginecha unalipo kale: buku la Hannah Glasse, The Art of Cookery Made Plain and Easy, limene linatuluka mu 1747 popanda dzina la mlembi, m'makope ambiri apambuyo pake liri ndi dzina lakuti H. Glasse looneka ngati lapamanja pamwamba pa mutu woyamba, pamene kwenikweni linadindidwa pamodzi ndi tsambalo. Glasse anagwa m'ngongole mu 1754 ndi kutaya umwini wa buku lake, koma dzina lake linapitiriza kuwagwirira nchito eni ake atsopano, ngakhale iye atamwalira mu 1770. Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna makina. Inki ya colembera ca nthenga ya m'zaka za m'ma 1700 inapangidwa ndi citsulo ndi timibulu ta mtengo wa oak. Ikakalamba imasanduka yofiirira, imalowerera m'pepala, ndipo nthawi zina imaonekera kuseri kwa tsamba. Inki ya makina imakhala yakuda mofanana ndi zilembo zoyandikana nayo. Ndiponso munthu sasaina kawiri mofanana ndendende. Masiginecha a makope awiri akafanana ngati mapasa, ndiye kuti onse anacokera pa cidindo cimodzi.

Pali cinanso cimene ogulitsa amaciika kumapeto kwa ndime, m'mau ocepa, pamene ndico cimene cimalamula mtengo koposa. Buku la Raffald liri ndi mapepala opinda oonetsa kayalidwe ka mbale pa tebulo la phwando, ndipo makope apambuyo pake anaonjezera cithunzi ca citofu. Mapepala opindawa ndiwo amayamba kung'ambika. Kope losainidwa koma lopanda zithunzi zake ndi lopunduka, ndipo siginecha siliciritsa. Musanagule, yerekezani ciwerengero ca masamba ndi zithunzi ndi cimene cinalembedwa m'ndandanda wa Virginia Maclean wa 1981, wa mabuku a kaphikidwe a Cingelezi a kuyambira 1701 kufikira 1800, kapena mu English Short Title Catalogue. Wogulitsa woona mtima amachula yekha mabuku otere. Amene sachula ayenera kufunsidwa cifukwa cake.

Mongodutsa, aphunzitsi a zinenero angakondwe kudziwa kuti Raffald anagulitsa umwini wa bukuli kwa wosindikiza wa ku London dzina lake Baldwin pa mapaundi 1,400, ndalama zoculuka zedi pa nthawiyo. Mbiri imanena kuti Baldwin anafuna kusintha mau ena a kalankhulidwe ka kumpoto kwa England kuti agwirizane ndi ka ku London, koma maiyu anakana. Mkangano wa cinenero ca kumudzi ndi cinenero ca m'buku si wacilendo kwa ife amene timakonza mabuku a sukulu. Ndipo ngati nkhaniyi ndi yoona, mau akumpotowo ndi cizindikiro ca mwini cimene cinakhalitsa kuposa inki yake.

3.0 Makwerero a Mau a Ogulitsa

Cinyanja ciri ndi mneni mmodzi wobwereka, kusaina, pamene malonda a mabuku akale ali ndi makwerero anai, ndipo lirilonse liri ndi mtengo wake. John Carter anawalongosola bwino m'buku lake la 1952, ABC for Book Collectors. Liu lakuti "signed" limatanthauza dzina lokha. "Inscribed" ndi dzina pamodzi ndi mau ena, kawirikawiri olembedwa cifukwa mwini buku anapempha. "Presentation copy" ndi kope limene mlembi anapereka yekha ngati mphatso. "Association copy" ndi kope limene linali la munthu wogwirizana ndi mbiri ya bukulo, monga mkonzi, mphunzitsi wa mlembi kapena mnzake wa pa nchito. Kusiyana kwa laciwiri ndi lacitatu kuli m'funso lakuti anayamba ndani: wopempha kapena wopereka. Ogulitsa osasamala amasokoneza mau awiriwa, ndipo msokonezowo sumapendekera mbali ya wogula. Palinso mau ena awiri oyenera kucenjera nao. Siginecha ikanenedwa kuti iri "laid in" kapena "tipped in", ndiye kuti iri pa kapepala kapadera kongolowetsedwa kapena komatidwa m'bukumo. Mlembi anagwira kapepalako. Bukulo mwina sanalione n'komwe.

Citsanzo cabwino ca makwererowa ndi Mastering the Art of French Cooking, limene Alfred A. Knopf anatulutsa ku New York mu 1961. Anthu ambiri amalicha buku la Julia Child, koma pa tsamba la mutu pali alembi atatu: Simone Beck, Louisette Bertholle ndi Julia Child. Kuyambira 1963, pamene pulogalamu yake ya The French Chef inayamba pa wailesi ya kanema ku Boston, Child anakhala munthu wochuka, ndipo anasaina mabuku m'masitolo ndi pa misonkhano kwa zaka pafupifupi makumi anai kufikira imfa yake mu 2004. Dzanja lake ndi lokondedwa, koma si losowa. Kawirikawiri mwamuna wake, Paul Child, ankasainanso pambali pake. Beck, amene anamwalira mu 1991, ndi Bertholle, amene anamwalira mu 1999, ankakhala ku France, ndipo Bertholle sanatengeko mbali m'buku laciwiri la 1970. Cotero maina onse atatu pa kope limodzi saoneka kawirikawiri, ndipo dzina limene wogula wamba salidziwa ndilo lingakhale lodula kuposa lochukalo.

Apa ndi pamene mau akuti "first edition" amasoceretsa. Zilembo zikasanjidwa kamodzi, makina akhoza kudinda nazo maulendo ambiri pa zaka zambiri, ndipo maulendo onsewo, kunena mwa lamulo la akatswiri, ali m'kusindikiza koyamba. Koma osonkhanitsa mabuku amalipira ndalama zambiri pa ulendo woyamba wokha. Buku la Knopf linadindidwa mobwerezabwereza, ndipo linafalitsidwanso kudzera m'kalabu ya owerenga, Book-of-the-Month Club. Kope la ulendo woyamba limanena poyera kuseri kwa tsamba la mutu kuti ndi loyamba, popanda mndandanda wa maulendo ena, ndipo cikuto cake ca pepala cimaonetsa mtengo wa madola 10. Makope a kalabu sakhala ndi mtengo pa cikuto ca pepala, ndipo ambiri ali ndi kacizindikiro kakang'ono kobooka pang'ono m'munsi mwa cikuto cakumbuyo. Siginecha yeniyeni ya Child pa kope la kalabu ndi siginecha yeniyeni ndithu, koma yakhala pa buku wamba. Yomweyo pa kope la ulendo woyamba lokhala ndi cikuto cake ca pepala ingafikitse mtengo pa madola zikwi zingapo. Ndime ya wogulitsa ikhoza kunena zoona m'liu lirilonse, "1961", "first edition", "signed", ndi kumusiyabe wowerenga ali ndi cithunzi cabodza.

4.0 Colembera ndi Tsiku

Irma Rombauer wa ku St. Louis, mwamuna wake atamwalira mu 1930, anatenga madola pafupifupi 3,000 a m'thumba mwake ndi kulipira kampani ya A. C. Clayton kuti imusindikizire makope 3,000 a The Joy of Cooking mu 1931. Mwana wake Marion ndiye anajambula cikuto. Kampani ya Bobbs-Merrill inalitenga mu 1936, ndipo kucokera pamenepo linafalikira m'nyumba zambirimbiri za ku America. Mu 1998 kunatuluka kope lojambula lija la 1931 tsamba ndi tsamba, ndipo wosazolowera akhoza kulitenga ngati lakale. Rombauer anamwalira mu 1962, cotero dzina lake pa kope la 1998 silifuna kukambirana.

Cofuna kukambirana ndi colembera. Bolopeni inayamba kugulitsidwa m'masitolo a ku America kumapeto kwa 1945. Mau a mphatso olembedwa ndi bolopeni, okhala ndi tsiku la mu 1931 kapena 1936, amadzitsutsa okha. Koma tisapitirire malire: dzina lopanda tsiku lolembedwa ndi bolopeni pa kope la 1931 likhoza kukhala loona, pakuti mwini buku akanatha kulitengera kwa mlembi patapita zaka makumi awiri. Kusiyana kwake ndi kwakuti osonkhanitsa amakonda siginecha ya nthawi imene buku linatuluka kuposa yapambuyo pake. Wosanthula zolembedwa zakale amaidziwa njira imeneyi. Ndi yomwe timagwiritsa nchito tikapeza liu lobwereka laposacedwa m'nthano imene akuti inalembedwa kalekale.

5.0 Mtengo Wopempha ndi Mtengo Wolipidwa

Nambala ya pansi pa ndime ya wogulitsa ndi pempho cabe. Pa intaneti buku likhoza kukhala zaka zisanu pa mtengo wokwera popanda wogula, ndipo ogulitsa ena amaonera mtengo womwewo ndi kuulemba pa makope ao, kufikira pempho la munthu mmodzi lioneka ngati cigamulo ca msika wonse. Umboni weniweni ndi mitengo imene anthu analipiradi pa okishoni. American Book Prices Current inayamba kusonkhanitsa mitengo yotere mu 1895, ndipo masiku ano Rare Book Hub imacita cimodzimodzi pa intaneti. Ngakhale pamenepo, fanizirani zofanana: ulendo womwewo wa kusindikiza, cikuto ca mtundu womwewo, siginecha ya pa khwerero lomwelo. Yang'ananinso caka ca malondawo. Filimu ya Julie & Julia itatuluka mu 2009, buku la 1961 lija linakwera kufika pamwamba pa mndandanda wa New York Times wa mabuku oyenda malonda, patapita zaka 48 cituluke. Mitengo ya nyengo ya cikondwerero yotere siyenera kutengedwa ngati muyezo wa nthawi zonse.

Nyumba za okishoni zimaonjezera gawo lao pamwamba pa mtengo wogamulidwa, kawirikawiri 25 peresenti kapena kuposerapo. Tinene mongoyerekeza kuti nyundo yagwa pa mapaundi 1,000: wogula adzalipira 1,250, asanawerengere zotumizira, inshuwaransi ndi msonkho wa pa malire. Ndipo kapepala kochedwa satifiketi yotsimikizira siginecha kali ndi mphamvu yofanana ndi mbiri ya amene anakalemba, basi. Coposa kapepalako ndi lonjezo lolembedwa lakuti wogulitsa adzabweza ndalama ngati siginecha ipezeka yabodza, komanso mbiri yomveka ya manja amene bukulo linadutsamo.

Njira yofanizira mitengo iri ndi malire ake. Timabuku ta kaphikidwe tosindikizidwa pang'ono ndi mabungwe a amai, mipingo kapena masukulu, monga timene timapezeka kuno kwathu, sitifika kawirikawiri m'nyumba za okishoni za ku London. Kusowa kwa mtengo wolembedwa sikutanthauza kusowa kwa phindu. Kumangotanthauza kuti wogula ayenera kudzifunsa yekha cimene ali kufuna m'bukumo. Pamenepa zofuna za wosonkhanitsa ndi za wofufuza zimasiyana njira. Zimene wophika analemba m'mphepete mwa tsamba, kucepetsa shuga apa, kusintha dzina la ndiwo apo, kumasulira muyezo wacilendo m'cinenero cake, wogulitsa amazichula ngati zilema ndi kutsitsa nazo mtengo. Kwa wofufuza za cinenero ndi umboni wa mmene buku linawerengedwera, ndipo kuli kwanzeru kuti laibulale ya ndalama zocepa igule kope lodetsedwa lotere pa mtengo wotsika, kusiyana ndi kupikisana ndi olemera pa kope loyera limene palibe anaphikirapo.

6.0 Mlembi Amene Sakanatha Kusaina

Mu 1881 ku San Francisco, Women's Co-operative Printing Office inasindikiza kabuku kochedwa What Mrs. Fisher Knows About Old Southern Cooking, kokhala ndi njira zophikira 160. Abby Fisher anabadwira mu ukapolo ku South Carolina, ndipo atafika ku California anachuka ndi malonda a zakudya zosungidwa m'mabotolo, mpaka kulandira mamendulo pa cionetsero ca mumzindawo mu 1880. Mau oyamba a kabukuka amanena poyera kuti iye sanadziwe kuwerenga kapena kulemba. Anafotokoza pakamwa, ena analemba. Kabukuka kanaiwalika kwa zaka zana kufikira kope lina litaoneka pa okishoni ya Sotheby's mu 1984, ndipo mu 1995 kanasindikizidwanso ndi ndemanga za Karen Hess. Kwa kanthawi kanayesedwa buku loyamba la kaphikidwe la munthu wakuda wa ku America, kufikira pamene kope la kabuku ka Malinda Russell ka 1866 linapezeka ndi kusungidwa ku University of Michigan.

Munthu akakuonetsani kope la 1881 lokhala ndi dzina la Abby Fisher lolembedwa mwaluso, siginechayo iyenera kutsitsa cikhulupiriro canu, pakuti iri kutsutsana ndi umboni wa buku lomwelo. Komatu mwini wake alimo m'bukumo, ndipo amamveka. Hess anaonetsa kuti maina ena acilendo a zakudya ndi zotsatira za khutu la olemba a ku California limene silinazolowere kalankhulidwe ka kumwera. Cakudya ca cimanga ndi nyemba cochedwa succotash cinalembedwa ngati "circuit hash", ndipo jambalaya inakhala "jumberlie". Aliyense amene anakhalapo pansi ndi tepi kulemba nthano ya agogo a kumudzi amadziwa mmene zotere zimacitikira: khutu limamva liu losadziwika ndi kulikokera ku liu limene limadziwa kale. M'kalankhulidwe kamene samveketsa r wa pambuyo pa vawelo, phatikizo loyamba la succotash ndi la circuit amayandikana kwambiri, ndipo wolemba anadzaza zotsalazo ndi liu la kukhichini limene linali pafupi. Wokonza wofuna kuyeretsa akanacotsa zolakwa zimenezi, ndipo pamodzi nazo akanacotsa umboni wokhawo wa mmene Fisher ankachulira mau. Wogula kope la 1881 ayenera kutsegula pa maina amenewa ndi kuona kuti masamba ake onse alipo, asanayang'ane n'komwe ngati pali cimene cinalembedwa pamanja kuseri kwa cikuto.